£120 pamwezi yochepetsera thupi: komwe ndinaitaya ndi komwe inagwira ntchito

Bambo anga anawapeza ndi matenda a shuga ali ndi zaka 52. Lero diso lawo limodzi silionanso bwino, ndipo mwezi uliwonse ndikatumiza ndalama kumudzi, gawo loyamba limapita ku mankhwala ndi timapepala toyezera magazi. Ndiye pamene namwino wa kwa GP wathu kuno ku Manchester anandiimbira foni mu Disembala 2024 n'kunena kuti zotsatira za magazi anga zabwera ndipo tikufunika tikambirane, nkhani yake ndinaidziwiratu asanamalize kuyankhula.

Nambala yake inali 44. Muyezo umenewu amautcha HbA1c, ndipo umaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Kuyambira 42 mpaka 47 ndiye kuti uli pakhomo pa matendawo, ukafika 48 walowa m'nyumba. Ine ndinali nditagwira kale chitseko. Zaka 36, msinkhu masentimita 174, sikelo ikuti makilogalamu 98.

Chodabwitsa n'chakuti thupi lomwelo ndi limene linkandipatsa ulemu. Ndikaika chithunzi pa Facebook, achibale ankangoti, "Achimwene, kunjako kwakukondanitu!" Kwathu mimba ndi umboni woti munthu zikumuyendera, ndipo inenso ndinkaiyendetsa ngati mabwana a ku Capital Hill. Namwino uja ndi amene anandiuza zomwe ambiri a ife sitidziwa: kwa anthu akuda, malire a BMI ndi otsikirapo. Kwa azungu kunenepa kopitirira muyezo kumayambira pa 30, koma kwa ife kumayambira pa 27.5, chifukwa shuga amatigwira thupi lisanakule kwambiri, komanso tikadali achichepere. Yanga inali 32. Anandipatsanso muyezo wina wosavuta: kuzungulira kwa mimba kusapose theka la msinkhu wako. Theka la msinkhu wanga ndi masentimita 87. Tepi inati 106.

Usiku womwewo tinakhala pansi ndi mayi a kunyumba kuwerengetsa. Titachotsa lendi, council tax, magetsi ndi gasi, chipereganyu, ndi zotumiza kumudzi, tinagwirizana kuti £120 pamwezi ikhale yanga yokonzera thupi. Si ndalama yochepa ayi. Iwo amagwira ntchito ya care usiku, ndipo amadziwa kuti £120 ndi maola angati oimirira. Anangoti, "Bambo, ndalamayi tiione pathupi panu, osati pa malisiti."

Miyezi itatu yoyamba inaoneka pa malisiti basi.

Mu Januwale ndinalembetsa ku jimu ina yapafupi ndi kuntchito, £35 pamwezi, pangano la miyezi isanu ndi umodzi. Ndinagula ufa wosungunula ndi madzi woti uzimwa m'malo mwa chakudya, £45. Ndinalipira app yowerengera makalori, £10. Kenako mlongo wina wa pagulu lathu la WhatsApp anali kugulitsa tiyi "wotsuka m'mimba", £25 paketi, ndi zithunzi za anthu oti poyamba anali chonchi, pano ali chonchi. Ndinagula. Zonse pamodzi £115, ndipo ndinadziona ngati munthu wochita zinthu mwadongosolo.

Tiyi uja anagwiradi ntchito, koma osati imene ndinkayembekezera. Tsiku lachitatu ndinali pansi pa desiki ya munthu ndikulumikiza mawaya a kompyuta, mimba n'kuyamba kulira ngati chigayo. Ndinathamanga osatsanzika. Nditawerenga bwino papaketi ndinapeza mawu oti senna, womwe ndi mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo inatsikadi ndi kilogalamu imodzi ndi theka, koma anali madzi chabe, ndipo anabwerera Lolemba lotsatira. Ufa wosungunula uja ndinkamwa masana mokhulupirika, koma pofika 4 koloko njala inkandipititsa pa makina ogulitsa chokoleti, ndipo madzulo ndinkabwezera pa nsima ngati munthu wochokera kumunda. Ku jimu, nditawerenga pa app yawo, ndinapitako kasanu ndi kawiri m'miyezi itatu. Gawani £105 ndi 7: ulendo uliwonse unandidyera £15. Vuto silinali jimuyo. Ntchito yanga ili ndi masabata okhala tcheru usiku, seva ikagwa 2 koloko m'bandakucha ndine wodzuka, ndiye zoti ndikanyamule zitsulo 6 koloko m'mawa mu mdima ndi mvula ya Manchester zinali maloto.

Kumapeto kwa Malichi ndinali nditawononga pafupifupi £350. Sikelo inati 97.

Kuntchito kompyuta ikamavuta sitithamangira kugula zipangizo zatsopano, timayamba tawerenga ma log kuti tione chimene chikuchitika. Ndinachita manyazi kuti nzeru imeneyi ndimaigulitsa kwa ena tsiku lililonse koma pathupi langa sindinaiganizire. Ndinatsitsa sitetimenti ya kubanki ya miyezi itatu, kuiika mu Excel, n'kupaka utoto wofiira chilichonse chomwe ndinagula n'kuika m'kamwa kunja kwa nyumba.

Abale anga, tsamba lonse linafiira. Nkhomaliro ya sangweji, makirisipi ndi chakumwa cha shuga, pafupifupi £4 tsiku lililonse la ntchito: £80 pamwezi. Khofi wotsekemera wa pasiteshoni ndi tachokoleti ta pamakina: £40. Nkhuku yokazinga ndi tchipisi Lachisanu, kuphatikiza zoitanitsa pafoni usiku ndikamadikira seva kuti idzuke: £110. Zonse £230 pamwezi. Ndiye kuti ndinkalipira £230 kuti ndinenepe, n'kulipiranso £115 kuti ndionde, ndipo mbali ya ndalama zambiri ndi imene inkapambana. Ngati mukufuna kupatula ndalama yochepetsera thupi, yambani mwaona sitetimenti yanu. Mwina bajetiyo muli nayo kale, ingoti ikugwira ntchito kwa adani.

Chachiwiri chomwe ndinapeza n'chakuti zambiri zomwe ndinkalipira zilipo zaulere. Chifukwa cha nambala ija ya 44, a GP ananditumiza ku pulogalamu ya NHS yopewera matenda a shuga yotchedwa Healthier You, yomwe imatenga miyezi pafupifupi isanu ndi inayi, osalipira kanthu. Kalata yake inali itakhala pamwamba pa firiji kuyambira Januwale, ine ndili kalikiliki kugula tiyi. Amene muli kale ndi shuga kapena BP ndipo BMI yanu yafika pa 27.5, ku England kuno kuli pulogalamu ina ya pa intaneti ya masabata 12 yomwe GP kapena wa ku famase angakutumizeniko. Palinso app ya NHS Weight Loss Plan, yaulere, yomwe imachita zomwe ndinkalipira £10 zija. Kenako Couch to 5K, ya masabata 9, katatu pasabata, imene imakuyambitsa ndi kuthamanga mphindi imodzi n'kuyenda, mpaka uzitha kuthamanga mphindi 30 osaima. Ubwino wake ndi woti ilibe nthawi yotsegulira. Ndikagona mochedwa chifukwa cha ntchito, ndimathamanga madzulo.

Loweruka m'mawa 9 koloko ndimapita ku parkrun ya ku Heaton Park: makilomita 5, ulere, umangolembetsa kamodzi pa intaneti. Inayambira ku Bushy Park ku London mu 2004, ndipo a ku Joni musati izi n'za ku Mangalande zokha, kwanuko inafika mu 2011 ku Delta Park. Tsiku loyamba ndinkaopa kukhala womaliza, koma kumakhala munthu wongodzipereka amene ntchito yake n'kuyenda kumbuyo kwa aliyense. Agogo ena a tsitsi loyera mbuu anandipitirira pachitunda n'kundilimbikitsa kuti ndisafooke. Ndinawayankha ndi dzanja chabe, mpweya woyankhulira unali utatha.

Komabe ndinene zoona, kuthamanga si kumene kunatsitsa sikelo kwenikweni. Munthu wa thupi ngati langa akathamanga makilomita 5 amatentha makalori osafika 500, ndipo nkhomaliro imodzi ija ya sangweji, makirisipi ndi chakumwa imatha kubweza onsewo n'kuonjezera. Kuthamanga kumathandiza mtima, shuga ndi tulo, ndipo a NHS amati tizichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata. Koma nkhondo yeniyeni inali kukhitchini, ndipo chida chomwe chinandithandiza kuposa zonse ndi kasikelo ka £10 koyezera chakudya.

Apa ndiye pamene panavuta, chifukwa tinafika pa nsima.

Ndinayamba ndi kuyeza ufa tisanathire mumphika. Mayi a kunyumba anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Kodi ufa wayambanso kuyezedwa ngati mankhwala?" Koma tinayeza. Magalamu 100 a ufa wa chimanga ali ndi makalori pafupifupi 360. Mitanda itatu yomwe ndinkadya madzulo inkatenga ufa woposa magalamu 200, ndiye kuti makalori opitirira 700 ndisanakhudze ndiwo. Malangizo a NHS kwa mwamuna amene akufuna kuchepetsa thupi ndi makalori pafupifupi 1,900 patsiku, kwa mkazi 1,400. Nsima yokha ya madzulo inkadya gawo loposa limodzi mwa magawo atatu.

Kenako mafuta ophikira. Sipuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ife sitithira ndi sipuni, timapendeketsa botolo mpaka mtima utakhutira. Tsiku lina ndinati tithire kaye m'kapu mmene timathirira masiku onse, kenako tiyeze. Anakwana masipuni asanu, mumphika umodzi wa nkhuku yomwe ili kale ndi mafuta ake pakhungu. Nsinjiro nazo, ngakhale ndi zabwino m'thupi, magalamu 100 ali ndi makalori opitirira 550, ndiye masamba otendera si chakudya chopepuka monga ndinkaganizira. Tiyi wanga wam'mawa ndinkathira masipuni atatu a shuga, makapu atatu patsiku. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 30 a shuga wothira patsiku, ndipo chitini chimodzi cha Coca-Cola cha 330ml chili ndi magalamu 35. Ine malirewo ndinkawadutsa nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Nsima sindinaisiye, ndipo amene angakuuzeni kuti Mmalawi asiye nsima kuti aonde ameneyo akufuna mulephere sabata yachiwiri. Ndinangosintha kukula kwa zinthu m'mbale. Kale nsima inali mwini nyumba, masamba ali mlendo wokhala pakona. Pano theka la mbale ndi masamba, mtanda umodzi wapakatikati, ndi ndiwo za nyemba, nsomba, mazira kapena nkhuku yochotsa khungu. Mafuta ndi sipuni imodzi kapena ziwiri pamphika. Ena amafunsa za mgaiwa: uli ndi gaga wambiri ndiye umakhalitsa m'mimba, koma makalori ake sasiyana kwenikweni ndi a ufa woyera, choncho mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Sabata ziwiri zoyamba ndinkadzuka patebulo ndikumva ngati ndangolawa. Kenako mimba inazolowera.

Masamba kuno sakuyenera kukhala a mtengo wapatali. Nkhwani ndi chigwada za m'mashopu a zakudya za ku Africa timagula mwa apo ndi apo pofuna kukumbuka kwathu, koma za tsiku ndi tsiku ndi kabichi, kale, spring greens, ndi sipinachi wa mufiriza wa ku Aldi kapena Lidl. Spring greens ukawadula bwino n'kuphika ndi tomato ndi anyezi, sasiyana kwambiri ndi repu wa kwathu. Nsomba za m'chitini, sardines kapena mackerel, zimalowa m'malo mwa usipa pamene usipa wa m'sutikesi watha. Lamlungu tikabwera kutchalitchi timaphika mphika waukulu wa nyemba ndi wina wa nkhuku, n'kugawa m'makontena asanu a nkhomaliro yanga ndi ena awiri oika mufiriza. Awiri amenewo ndi a usiku wa seva. Pa 2 koloko usiku munthu sakhala ndi nzeru zosankha bwino chakudya, amadya chomwe chili pafupi, ndiye ndinaonetsetsa kuti chapafupi chikhale nyemba za mu microwave osati foni.

Tsono £120 ija inayamba kuyenda chonchi. Mwezi wa Epulo pafupifupi yonse inapita pa zinthu zogula kamodzi: nsapato zothamangira £55, jekete ya mvula £25, sikelo ya kubafa £15, makontena £12, sikelo ya kukhitchini £10, tepi ya telala £2. Pa nsapato musaumire, thupi lolemera likamathamanga ndi nsapato zophwanyika maondo ndi amene amalipira. Kuyambira Meyi, £50 ndimaonjezera pa golosale ya panyumba kuti pakhale mazira, nsomba, zipatso, yogati wopanda shuga ndi masamba okwanira tonse, chifukwa kuphika miphika iwiri, wa wodwala ndi wa anthu, sikungatheke. £20 ndi yosambira padziwe la khonsolo ndi mwana wanga wamkazi kawiri pamwezi, zomwe kwa iye ndi masewera chabe. £10 ndimasunga ya nsapato zina zikadzatha izi. Yotsala £40 inasowa ntchito, ndiye imapita kumudzi pamwamba pa ya masiku onse, ya timapepala toyezera shuga ta bambo. Jimu ndinailipirabe mpaka Juni chifukwa cha pangano lija, ndipo phunziro lake ndi loti ngati mukufuna jimu, tengani yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo muyambe mwatsimikiza kuti nthawi yopitira muli nayo. Mnzanga wina wa kuntchito amapita kanayi pasabata ndipo kwa iye ndi ndalama yogwiritsidwa bwino. Kwa ine inali chopereka.

Mzere wofiira uja wa £230 unatsika kufika pa £60. Nkhuku ndi tchipisi timadyabe kamodzi pamwezi, tsiku la malipiro, tonse pamodzi patebulo.

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga mukudikira nkhani ya majakisoni, chifukwa m'magulu athu a WhatsApp ndi imene ili m'kamwam'kamwa. Inenso ndinaiganizira kwambiri mu Malichi pamene sikelo inakana kusuntha. Wegovy ndi Mounjaro ndi mankhwala enieni ndipo amagwira ntchito, amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo anthu amatsikadi kwambiri. Sindinyoza aliyense amene akuwagwiritsa ntchito mothandizidwa ndi dokotala. Koma tikunena za bajeti. Mu Juni 2025 ma GP a ku England anayamba kupereka Mounjaro kudzera mu NHS, koma poyambira ankapereka kwa anthu a BMI ya 40, kapena 37.5 kwa ife, amenenso ali ndi matenda anayi mwa asanu okhudzana ndi kunenepa. Ine sindinali pafupi n'komwe. Kugula wekha ndi ndalama zoposa £120 yanga pa milingo yambiri, ndipo mu Seputembala 2025 kampani ya Eli Lilly inakweza mtengo wolembedwa wa mlingo waukulu kuchoka pa £122 kufika pa £330 pamwezi. Chinandibweza kwambiri ndi kafukufuku wa semaglutide, mankhwala a mu Wegovy, yemwe anapeza kuti patatha chaka anthu atasiya jakisoni, anali atabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a thupi lomwe anataya. Ndiye funso si lakuti kodi mwezi uno ndingakwanitse, koma kodi ndingakwanitse chaka chino ndi chamawa, lendi ikukwera, kumudzi akudikira. Ndipo chonde, majakisoni ogulitsidwa pa Facebook kapena ku saluni motchipa asiyeni. Bungwe la MHRA lachenjezapo kuti ena mwa majakisoni achinyengowa anapezeka ndi insulin, ndipo anthu anagonekedwa nawo m'chipatala.

Pano ndi kumapeto kwa Novembala. Sikelo ikuti 87, tepi ikuti 95, ndipo magazi omwe anayezanso mwezi watha anati 40. Makilogalamu 10 m'miyezi isanu ndi itatu ndi pang'onopang'ono kuposa theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pasabata yomwe a NHS amanena. Mu Ogasiti sindinatsike n'komwe, kunali maukwati awiri ndi kanyenya wa kutchalitchi, ndipo ine pa nyama yootcha ndilibe chikhulupiriro cholimba. BMI yanga ikadali pamwamba pa 28. Kuti ndifike pa 27.5 ndikufunika kutsika mpaka 83, ndipo nyengo yozizira yafika, mdima ukugwa 4 koloko.

Chomwe sindinachiike pa bajeti ndi mafunso a kumudzi. Lamlungu lapitali tikuyankhula pa vidiyo, amayi anayandikitsa nkhope pafoni n'kukhala chete kanthawi.

"Mwana wanga, usandibisire. Ukudwala?"

Ndinawafotokozera zonse, za 44 ndi 40, za namwino, za kuthamanga. Bambo anali chapafupi akumvetsera, ndipo ndinawamva akuti, "Musiyeni mwanayo, akudziwa chimene akuthawa." Amayi sanakhutire. Anafunsa ngati apongozi awo asiya kundiphikira, mpaka mayi a kunyumba anabwera kudzaonetsa mphika wa nyemba pa kamera.

Tikupita kumudzi pa 18 Disembala, masabata atatu. Amayi anena kale kuti mbuzi yamangidwa, ufa woyera wakonzedwa, ndipo akufuna kuti pobwerera ndidzaoneke ngati munthu wochokera kunja. Nsapato zothamangira ndaziika kale m'sutikesi. Kasikelo ka kukhitchini mayi a kunyumba akaniza, akuti ndikakangokatulutsa pamaso pa amayi, iwo akwera basi yobwerera kwawo ku Dedza tsiku lomwelo.